Suti ya Kazitape M'chipinda cha Apongozi

Tadala ndi Mphatso, ana anga, mwakhala mukundiseka kuti tikamaonera filimu ine sinditsata nkhani, ndimangoyang'ana mapewa a majekete. Tsopano poti ndapuma pa ntchito, ndipo maso ayamba kukana kulowetsa ulusi pa singano, ndati ndikulembereni kumene khalidwe limeneli linachokera. Chizolowezi cholemba zochitika za tsiku ndinachiyamba ndili Fomu 2 ndipo sindinachisiye, choncho zambiri ndikuzikumbukira bwino. Ndalemba m'Chichewa dala. Pomwe simukumva mukafunse bambo anu, nawonso apezeko chochita m'malo mongokhalira mpira.

Hull, chaka choyamba

Tinafika ku Hull bambo anu atapeza ntchito ya unamwino pa chipatala cha boma. Ine ndinabwera ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi manja odziwa makina, poti ndinali nditasokako mayunifolomu a ana a sukulu pa khonde la sitolo ina ku Limbe. Ntchito yanga yoyamba inali pa shopu yochapa zovala ya mayi wina dzina lake Doreen. Anandiika pakona, kuseri kwa zovala zolendewera, pomwe mphepo ya kunyanja inkalowera pansi pa chitseko n'kumandiluma akakolo. Ndinkapinda mathalauza, kusintha mazipi, kubweza masiketi. Doreen ankayankhula mothamanga, Chingerezi chake chosiyana kutali ndi chimene tinaphunzira kusukulu, moti miyezi yoyamba ndinkangomwetulira, iye akachoka n'kuyang'ana pomwe wabaya mapini kuti ndidziwe chimene akufuna.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina ndi jekete yakale kwambiri, yoti ndifupikitse mikono. Nditamasula nsalu ya m'kati ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Pachifuwa panali nsalu ina yolimba, ya ubweya wa hatchi, yogwiridwa ndi timisoko ting'onoting'ono ta pamanja, tondondozana ngati mapazi a nkhuku pa mchenga. Ku Limbe tinkangomata nsalu yolimbitsa ndi simbi, basi yatha. Apa ndinazindikira chifukwa chake jekete ija, ngakhale inali yokalamba, inkaimabe ngati muli munthu m'kati. Ndinaiwala mikono, n'kumangomasula kuti ndione zambiri.

Doreen atandipeza anagwira m'chiuno. "Iwe Esnati, kasitomala wati umufupikitsire mikono. Sanati uchite opaleshoni!"

Ndinabwezeretsa zonse m'malo mwake, koma mtima sunabwerere. Kuyambira pamenepo ndinkapita m'mashopu a kaunjika wa kuno, kugula majekete akale a amuna, kuwaphwasula pa tebulo la kukhitchini ndi kuwasokanso. Bambo anu ankati nyumba yathu ikununkha agogo a eni. M'buku langa ndinalemba kuti tsiku lina ndidzasoka jekete yotere kuyambira pa nsalu yosadulidwa mpaka batani lomaliza, ndipo pansi pake ndinajambula mzere kawiri, monga tinkachitira pa mitu ya zimangirizo kusukulu.

Manchester, patapita zaka zinayi

Bambo anu atapeza malo pa chipatala cha ku Salford, pafupi ndi Manchester, tinasamuka. Iwe Tadala unali utayamba sukulu, Mphatso ali kumsana. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu ankakolopa m'chinyumba chakale chimene poyamba chinali fakitale ya thonje, ndipo anandiuza kuti pamwamba pake pali anthu osoka zovala za m'masewero ndi m'mafilimu, akufuna munthu. Ndinakwera basi, jekete yosoka ndekha ili m'chikwama. Mwini ntchito anali a Stanley, mkulu wamfupi wa imvi, tepi pakhosi, choko m'thumba la malaya. Jekete yanga sanaiyang'ane n'komwe. Anang'amba kansalu, n'kundipatsa singano ndi ulusi wa silika, nati ndisoke bowo la batani pamanja. Nditamaliza anapita nako pa windo, kukatembenuza uku ndi uku.

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Majekete a anthu akufa, bwana."

"Amenewo ndiwo aphunzitsi abwino," anatero a Stanley. "Sakalipa. Ine ndimakalipa. Ubwere mawa."

Sananame. Kwa zaka zingapo sanandilole kugwira kolala. Ndinkasoka matumba, nsalu ya m'kati, mabowo a mabatani, ndipo akapeza msoko umodzi wokoka ankamasula wonse n'kuika pa tebulo langa. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti makina amasoka mowongoka koma munthu sawongoka, phewa limodzi limakhala lotsika, msana umapindika, mimba imatsogola, ndipo telala weniweni amasokera munthu amene waima patsogolo pake, osati wa pa chithunzi. Kwa iwo ndinaphunzira kuti chifuwa cha jekete chimaumbidwa ndi nthunzi ndi simbi yolemera, monga woumba mbiya amachitira ndi dothi. M'nyengo yachisanu chotenthetsera chipinda chinkafa kawirikawiri, ndipo tinkasoka titavala magolovesi odula zala. Ulusi wabwino unkasowa, nthawi inkasowa kuposa ulusi, poti anthu a mafilimu chilichonse amachifuna dzulo. Koma ine ndinkakwera masitepe aja m'mawa uliwonse ndi mtima wa mwana wopita kukalandira mphotho.

Chinthu chimodzi chokha sindinkagwirizana nacho. Kumapeto kwa khonde kunali chipinda cha Kevin, bambo wamkulu thupi, wa ndevu zofiira. Ntchito yake inali kukalambitsa zovala. Ife tikamaliza kusoka, chovala chinkapita kwa iye, ndipo ankachikwecha ndi sandipepa ndi kachitsulo kopalira tchizi, kuchipaka tiyi wozizira, vaselini ndi fumbi la mitundumitundu, mpaka chioneke ngati munthu wakhala nacho zaka. Tsiku loyamba kumuona akukhuza pa khoma la njerwa chikhothi chimene ndinachisokera nsalu ya m'kati sabata yonse, ndinapita kuchimbudzi kukalira. Inu munabadwira kuno, mwina simungamvetse. Kwathu suti munthu amagula kamodzi. Amakwatira nayo, amapita nayo ku tchalitchi, amabwereka mng'ono wake pokafunsira ntchito, ndipo tsiku lomaliza amamuveka yomweyo. Ndinapita kwa a Stanley maso ali ofiira.

"Bwana, munditume chilichonse, koma m'chipinda chija ayi. Ine ndinaphunzira kusoka."

"Palibe akukukakamiza," anatero. "Koma udziwe kuti kamera imadana ndi chovala chatsopano. Munthu akalowa ndi suti yoti sinakhalepo pa mpando, woonera aliyense amadziwa kuti akunamizidwa."

Ndinamva, koma sindinavomere. Ndikamadutsa pa chitseko cha Kevin ndinkayang'ana kumbali.

Salford, nyengo ya mvula yosakata

Kenako kunabwera ntchito ya filimu ya akazitape, imene ankaijambula ku Salford komweko, m'mbali mwa ngalande zakale za madzi. Woyang'anira zovala zonse anali mayi wina wamtali, wosaseka, dzina lake Judith. Anatifotokozera kuti akazitape a m'mafilimu alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi uja mumamukonda inu, wolowa m'mahotela akuluakulu taye ili chilili. Suti yake timaidula mogwira m'chiuno, bowo la mkono timalikweza pafupi ndi kukhwapa kuti akathamanga kapena kukweza dzanja kolala isachoke pakhosi, ndipo kumanzere timasiyako kampata kuti mfuti isaonekere. Wachiwiri ndi amene ukakhala naye pa basi sungamukumbukire ukatsika. Wa Judith anali wachiwiriyu, mkulu woiwalidwa ndi mabwana ake, wokhala yekha m'kachipinda, wa suti imodzi yotuwa. "Koma suti imeneyo," anatero Judith, "ionetse kuti inasokedwa ndi telala wodziwa, kalekale, munthuyu akadali winawake. Iye sanena zimenezo m'filimu yonse. Inene ndi jekete."

Nsalu anaipeza yekha, yotsalira ku fakitale ina ya ku Yorkshire imene inali itatsekedwa, ndipo ina yofanana nayo kunalibe kulikonse. Mwa mwambo wa ntchito yathu, munthu wamkulu wa m'filimu timamusokera masuti angapo ofanana ndendende, poti ina imang'ambika, ina imanyowa, ina amavala womulowera m'malo pa zoopsa. Nsalu ya Judith inangokwana awiri. Nthawi imeneyo nyamakazi inali itapinda zala za a Stanley. Anadula okha pang'onopang'ono, akuluma mano, kenako anasonkhanitsa zidutswa zonse n'kuziika pa tebulo langa.

"Kolala yomwe," anatero. "Ine manja andithawa. Judith akakhutira, majekete onse a muno adzakhala ako. Akapanda kukhutira adzapita nayo ntchito ku London, ndipo muno mudzatsala makatani."

Ndinasoka masuti awiri aja ngati ndikulemba mayeso a Fomu 4 kachiwiri. Tsiku loyeza, wosewera gawo la kazitape uja atavala, kolala inagona pakhosi pake ngati inamera pomwepo, ndipo a Stanley anangotsokomola n'kutuluka. Kutsokomola kumeneko ndiko kunali kuyamikira kwawo. Kenako masuti anapita kwa Kevin, ine osafuna kuona, ndipo atamaliza iye ananyamuka kupita ku ntchito ina ku mapiri a ku Scotland. Pakati pa kujambula, suti yachiwiri inagwera m'ngalande pamodzi ndi wolowera m'malo uja, monga nkhani inkafunira, koma inakodwa pa chitsulo pansi pa madzi n'kung'ambika msana wonse. Inatsala imodzi. Lachisanu lina, pojambula ndewu, yotsalayo inasomoka kukhwapa. Lolemba m'mawa ankafuna kupitiriza ndewu yomweyo, ndipo chinyumba chathu Loweruka ndi Lamlungu chinkakhala chokhoma.

A Stanley anaikulunga okha. "Lamulo la Judith ndi lakuti chovala sichipita kunyumba kwa munthu. Ndikuliphwanya ine, osati iwe. Ukasoke kukhwapako pamanja. Kwina konse usakhudze, ngakhale fumbi usalipemerere."

Loweruka

Miyezi imeneyo agogo anu a ku Ntcheu, amayi a bambo anu, anali nafe. Mukuwakumbukira, ankavala zipewa ziwiri m'nyumba. Anali mkazi wamasiye wa mphunzitsi, ndipo ukhondo wa zovala za mwamuna unali ulemu wawo wonse. Chifikireni ankaona mwana wawo akusita yekha yunifolomu ndi kuphika ine ndikachedwa. Ankangousa moyo mokweza kuti ndimve ndili kuchipinda. Ndinamaliza kusoka kukhwapa kuja m'mawa, ndipo poopa manja a jamu a iwe Mphatso, ndinakapachika suti m'wadiropu ya m'chipinda cha agogo, momwe simunkalowa. Bambo anu anali ku shifiti. Ine ndinakutengani kupita ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi. Sindinaganize zowauza agogo, poti m'mutu mwanga chinali chinthu cha kuntchito, chosawakhudza.

Pobwera masana, nditangotsegula chitseko, ndinamva fungo la sopo ndi nthunzi. Pa chitseko cha pabalaza panapachikidwa suti yooneka ngati yangochoka m'sitolo. Ndinaipitirira kaye, kenako ndinabwerera nditaizindikira. Litsiro la pakolala linali litachoka. Ulusi wonyenyeka wa m'mphepete mwa mikono unali utadulidwa bwinobwino. Batani limene Kevin analisiya likulendewera linali litagwira zolimba. Matumba amene anawatupitsa dala anali atagona, ndipo thalauza inali ndi mzere woti n'kuchekera nyama. Pa chigongono cha kumanzere, pomwe panali pothetheka mpaka kuonetsa za m'kati, panali posokerera mwaluso moti umayenera kuyandikira kuti upaone. Agogo anu anali pa mpando, kapu ya tiyi m'manja, nkhope yowala.

"Mwabwera, amake Tadala? Ine sindinafune kuyankhula, ndangochita. Mwana wanga amagwira ntchito pa chipatala cha azungu, ndiye azisunga chinthu chotere? Abambo ake, ndi uphunzitsi wawo womwewo, sanatulukepo m'nyumba mwanga ndi kolala yotero."

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo. "Amayi, suti imeneyi si ya bambo a Tadala."

Anaika kapu pansi. "Nanga ndi ya ndani?"

"Ya mzungu wina wa kuntchito."

"Ha! Ndiye ine m'mawa wonse ndakhala ndikusitira mwamuna wa eni? Ndipo jekete ya mwamuna wina ikufunanji m'nyumba ya mwana wanga, kuchipinda?"

Ndinafotokoza mmene ndikanathera. Ndinati ndi ya m'filimu, litsiro lija linaikidwa dala, pali munthu amene ntchito yake ndi yomweyo, ndipo theka la filimu lajambulidwa kale suti ili yakuda choncho, moti munthu sangamenye chibakera ali ndi chigongono chong'ambika n'kugwa pansi chili chosokedwa. Anandimvetsera pakamwa pali yasa.

"Munthu wamkulu, wa ndevu, amadzuka m'mawa kupita kukadetsa zovala? Dziko lino anthu anakhuta."

Ndinathawira kuchipinda kukaimbira a Stanley. Nditawauza anangofunsa funso limodzi.

"Yalowa m'madzi?"

"Ayi, bwana. Apukuta ndi kansalu konyowa. Ubweya amaudziwa."

"Ndiye sinafe. Kevin ali kumapiri, foni yake siigwira. Manja anga ukuwadziwa. Ndikutumizira zithunzi za Lachisanu. Lolemba ikafika yosiyana ndi zithunzizo, tonse awiri titsika masitepe aja komaliza. Unandiuza kuti suwononga chovala, ndipo sindinaiwale. Koma unaisoka ndiwe. Usankhe wekha."

Bambo anu atabwera n'kumva nkhaniyi anaseka mpaka kukhala pa masitepe. Ataona kuti ine sindikuseka anati, "Ndiye tichite chonchi. Mawa upite nayo ku galaja ya anzanga a Phiri, ukachite zakozo kumeneko. Amayi tiwauza kuti mzungu wayamikira kwambiri." Njira imeneyo inali yosavuta, ndipo ndinaiganizira ndithu. Koma ndinaona kuti ndikatero ndiye kuti ndavomera kuti ntchito yanga ndi yochititsa manyazi, yoti ndiziibisa m'nyumba mwanga momwe. Ndinaonanso kuti kuwanamiza agogo anu ngati mwana kukanakhala chipongwe choposa kuwakhumudwitsa. Ndinati ayi, ndichitira pano.

Lamlungu

Titabwerako ku tchalitchi n'kudya, ndinagwadanso. "Amayi, ntchito mwagwirayi ndi yabwino, ine sindikanatha kusokerera chonchi. Koma ndiyenera kuiphwasula yonse, ndipo sindikufuna kuchita mobisa."

"Ndiye mukufuna ndikuombereni m'manja?" anatero. Anakoka mpando mpaka pa chitseko cha kukhitchini choyang'ana kuseri, anavala chikhothi cha bambo anu, n'kukhala manja atapinda.

Ndinatulutsa tebulo kuseri kwa nyumba, pa kabwalo kathu ka simenti, n'kuimika foni pa windo kuti ndizionera zithunzi. Sandipepa ndinatenga m'bokosi la zida la bambo anu. Pokhudza koyamba m'mphepete mwa mkono ndinakumbukira tsiku limene ndinapinda mkono umenewo. Ndinakwecha pang'ono, n'kuyang'ana chithunzi, n'kukwechanso. Posakhalitsa ndinazindikira chinthu chimene sindinkachidziwa zaka zonse zija ndinkayang'ana kumbali. Kevin sankangokwecha paliponse. Mkono wa kumanja unali wothetheka kunsi, pomwe munthu amakhuza pa tebulo akamalemba. Thumba la kumanzere linali lotupa kuposa linzake, poti mkulu uja ankasungamo makiyi. Kolala inada kumbuyo kokha, pokhudza tsitsi. Kuti ndibwezeretse zimenezi ndinayenera kumuganizira munthuyo, mmene amakhalira pa mpando, mmene amaimira pa mvula kudikira munthu amene sabwera. Ndinapaka tiyi wozizira ndi siponji, vaselini wosakaniza ndi kapolishi, ndinanyowetsa matumba n'kuikamo timiyala. Mzere wa thalauza ndinaupha ndi nthunzi. Kuti makwinya a m'mikono abwerere ndinawaveka jekete bambo anu ili yofunda ndi nthunzi, n'kuwauza kuti apinde manja, atambasule, apindenso.

"Mwana wanga," anatero agogo ali pakhomo paja, "sukulu yonse ija kuti udzasanduke chidole?"

Bambo anu anayang'ana kumwamba, manja akupindabe.

Chigongono ndinachisiya komaliza. Nditachiyang'ana pafupi ndinaona chimene agogo anachita. Anasolola ulusi m'kati mwa mpindiro wa jekete yomweyo kuti mtundu ufanane, n'kuuluka umodziumodzi, wopita ndi wopingasa, kutsata maluko a nsalu. Ngakhale a Stanley akanaona akanavula magalasi. Ndinatenga kasizasi kanga kakang'ono.

"Pamenepo," anatero agogo, mawu atatsika, "ndakhalirapo ndi maso angawa, magalasi osathandiza. Pena ponse mwachita, ndakhala chete. Pamenepo siyani."

"Amayi, m'chithunzi ndi pong'ambika."

"Chithunzi n'chachikulu kuposa ine?"

Ndinayang'ana bambo anu, koma iwo anali atapeza chochita ndi ndowa ya zinyalala. Palibe akanandisankhira. Ndikasiya, Judith akanaona ndi diso limodzi, ntchito ikanapita ku London, ndipo a Stanley akanatsika nane pa chifukwa chondikhulupirira. Ndikadula, ndinkadziwa kuti ndadula chinthu chimene mayi uyu anachichita pofuna kuphimba manyazi a nyumba yathu.

"Si chachikulu kuposa inu, amayi. Koma ndi ntchito yanga, ndipo ndiigwira mpaka pomaliza."

Ndinalowetsa nsonga ya sizasi pansi pa ulusi woyamba. Ndinadula umodziumodzi monga anaulukira, kuti ndisakulitse bowo. Agogo anaonerera mpaka pakati, kenako anaimirira, kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko cha chipinda chawo mwakachetechete. Bola akanachimenyetsa. Chakudya cha madzulo sanadye nafe.

Lolemba

Ndinakwera tramu yoyamba, kasitima ka m'tauni kaja, suti ili pamiyendo. A Stanley ndinawapeza atafika kale, atavala taye, chinthu chimene ankachita pa maliro pokha. Judith anapachika jekete pansi pa getsi, zithunzi m'dzanja, n'kuyamba kuizungulira. Anagwira mikono, anapisa m'matumba, anaima nthawi yaitali pa chigongono. Kenako analoza pachifuwa, pomwe simbi ya agogo inasiya kuwala kumene nthunzi yanga inalephera kuchotsa.

"Apa pasitidwa. Yagwiridwa ndi ndani?"

A Stanley anatsegula pakamwa, koma ndinawatsogolera. Ndinanena zonse mwachidule, za wadiropu, za apongozi, za sandipepa. Judith sanaseke ndipo sanakalipe. Anatenga kabulashi, anakaviika mu fumbi lotuwa la Kevin, anasisita pachifuwa paja mpaka kuwala kunafa, n'kuitana wonyamula zovala kuti apite nayo kwa wosewera.

"Stanley, iwe ndi ine tiyankhulana," anatero. Ndipo anayankhulanadi, chitseko chotseka, mawu akumveka mpaka ku masitepe. Atatuluka anaima pa tebulo langa. "Kevin sabwera msanga. Kuyambira lero uziima pafupi ndi kamera, suti imeneyi ikhale m'manja mwako mpaka titamaliza. Ndipo kunyumba kwako isapitenso."

Ntchito sinapite ku London. Ndinakhala m'chinyumba chija mpaka tsiku lopuma, ndikusoka majekete a akazitape, a maloya, a mbava zovala bwino, ndipo ambiri mwa iwo ndinkawakalambitsa ndekha, Kevin akundibwereka zida zake. Koma tsiku limenelo, pobwerera kunyumba, sindinkaganiza za zimenezo. Ndinkaganiza za chitseko chotseka chija.

Ndinawapeza agogo anu kukhitchini akusenda mbatatesi. Ndinapereka moni, anayankhira kukhosi. Ndinavula chikhothi, ndinatenga mpeni wina, n'kukhala pambali pawo. Tinasenda kwa kanthawi, makoko akugwera m'mbale imodzi.

"Anavala?" anafunsa osandiyang'ana.

"Anavala, amayi."

"Pamaso pa anthu?"

"Anthu ambiri, ndi magetsi owala."

"Ntchito yanu ilipo?"

"Ilipo, amayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukolowola diso la mbatatesi ndi nsonga ya mpeni.

"Nanga mkazi wake anamulola kutuluka chonchija?"

"Alibe mkazi. Ndi kazitape, amakhala yekha."

Anaponya mbatatesi ija m'madzi.

"N'chifukwa chake," anatero agogo anu. "Tandipatsani poto uyo."